Makochi a Basketball ku Kitwe ndi Ndola Alera Acinyamata Kumene Migodi Inasiyira

KITWE: Masewera a basketball sakoka khamu monga mmene ucitira mpira wa miyendo m'cigawo ca Migodi. Tsiku limene Nkana ikumana ndi Power Dynamos, mzinda wa Kitwe umagawika pawiri. Tsiku limene matimu a basketball akumana, ambiri mwa oonerera amakhala abale ndi anzawo a osewerawo. Komabe pa mabwalo a konkire a m'masukulu, a m'machalichi ndi a m'makalabu akale a migodi ku Kitwe ndi ku Ndola pakucitika nchito imene phindu lake silioneka pa bolodi la mapointi. Iyi ndi nchito ya makochi, amene ambiri a iwo amangodzipereka popanda malipiro, yosunga anyamata ndi atsikana m'maola a pakati pa kuweruka kusukulu ndi kulowa kwa dzuwa.

Maola amenewo ndiwo mutu wa nkhani. Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza kuti m'dziko la Zambia munali anthu 19.6 miliyoni, ndipo boma la Kitwe ndi la Ndola lililonse linali ndi anthu oposa 600,000. Ambiri mwa anthu a dziko lino ndi acicepere. Mwana wa ku Chimwemwe, ku Wusakile, ku Chifubu kapena ku Lubuto akaweruka masana, kawirikawiri amapeza pakhomo palibe wamkulu. Amai ali pa msika wa Chisokone kapena wa Masala, atate ali pa shifiti kapena akusakasaka ganyu. Amene amuuze mwanayo cocita kufikira madzulo ndi munthu amene angamupeze pa msewu, kapena munthu amene angamupeze pa bwalo.

Nthawi imene mgodi unali kholo

Kuti munthu amvetse kufunika kwa makochi a lero, ayenera kuyang'ana mmene mizinda imeneyi inakulira. Mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa mu 1936 pambali pake. Anthu anabwera kudzafuna nchito kucokera kumbali zonse, kuphatikizapo olankhula Cinyanja a ku cigawo ca Kum'mawa ndi a ku Nyasaland, amene adzukulu awo lero amalankhula Cibemba ca m'tauni pa bwalo, Cinyanja n'kucisiyira agogo kunyumba.

Makampani a migodi sanali kukumba mkuwa cabe. Anali kumanga nyumba, zipatala, masukulu, maholo ndi mabwalo a masewera, ndipo anali kulemba anthu a nchito yoyang'anira acinyamata. Mu 1982, makampani awiri a NCCM ndi RCM ataphatikizidwa kukhala Zambia Consolidated Copper Mines, ZCCM, mwambo umenewu unapitirira. Mwana wa wogwira nchito ku mgodi anali kubadwira m'cipatala ca mgodi, kusewera pa bwalo la mgodi, ndi kuphunzitsidwa masewera ndi munthu wolipidwa ndi mgodi. Matimu a mpira monga Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Roan United anakulira m'cikonzero cimeneci. Kalusha Bwalya, amene anasankhidwa kukhala katswiri wa mpira wa Africa mu 1988, anacokera ku Mufulira. Samuel Matete, amene anapambana liwiro la mamita 400 lolumpha zochinga pa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991, anabadwira ku Chingola.

Kenaka mtengo wa mkuwa unagwa, ngongole zinakula, ndipo pakati pa 1997 ndi 2000 migodi inagulitsidwa kwa makampani a eni. Ogwira nchito m'migodi, amene m'zaka za m'ma 1970 anali oposa 60,000, anatsala pafupifupi 20,000 pofika mu 2001. Eni atsopano anatenga migodi ndi zitsulo zake. Nchito yolera ana a m'makomboni anaitenga pang'ono cabe. Matimu ena akuluakulu a mpira wa miyendo anapeza owathandiza. Koma maholo ambiri anasanduka machalichi, mabawa kapena mosungira katundu, ndipo konkire ya mabwalo ang'onoang'ono inang'ambika n'kumera udzu.

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono. Mu 2012 Boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wochedwa tujilijili, umene ana a sukulu anali kuubisa m'matumba a yunifolomu. Mu 2018 anthu a ku Kitwe anakhala mwamantha kamba ka magulu a acinyamata acifwamba, monga lija linachuka ndi dzina lakuti Tokota Boys, kufikira apolisi atagwira ambiri a iwo. M'mwezi wa June caka comweco, mbali ina ya Black Mountain, mulu wa zotsalira za mkuwa umene uli pafupi ndi Wusakile, inagumukira anthu amene anali kutolapo miyala, ndipo osacepera 10 anamwalira. Palibe amene anganene kuti bwalo la basketball likanaletsa zonsezi. Umphawi ndi ulova sizithetsedwa ndi mpira. Koma gulu la acifwamba limapatsa mnyamata zinthu zitatu zimene iye amazifuna: dzina, anzake ndi wamkulu womuuza cocita. Timu imapatsa zomwezo.

Cifukwa cake basketball

Masewerawa anayambika ndi colinga cofanana ndi cimeneci. Mu December 1891, mphunzitsi James Naismith wa pa sukulu ya YMCA ku Springfield, m'cigawo ca Massachusetts ku America, anauzidwa kuti apezere anyamata osamvera cocita m'nyengo yozizira, pamene sakanatha kusewera panja. Iye anapacika madengu awiri a zipatso m'mwamba, nalemba malamulo 13. Kutalika kwa pamene anapacika madenguwo, mamita 3.05, ndiko kukugwiritsidwabe nchito.

Kwa mzinda wothithikana, ubwino woyamba wa basketball ndi malo. Bwalo lake ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, ndipo pa malo a bwalo limodzi la mpira wa miyendo pangakwane mabwalo a basketball oposa 10. Theka la bwalo, lokhala ndi ring'i imodzi, ndi lokwanira masewera a anthu atatu mbali iliyonse, ochedwa 3x3, amene analowa m'mipikisano ya Olympics ku Tokyo mu 2021. Masewera amenewo amatha pa mphindi 10, kapena timu imodzi ikafika pa mapointi 21, motero ana ambiri amatha kusinthana pa bwalo limodzi madzulo amodzi.

Ubwino waciwiri ndi wakuti palibe pobisala. Timu imalowetsa osewera asanu cabe, ndipo aliyense amaponya ndi kuchinga. Mwana waulesi amaonekera m'mphindi ziwiri. Wodzikonda, amene sapatsira anzake, amaonekeranso msanga, pakuti timu ili ndi masekondi 8 oolokera pakati pa bwalo ndi masekondi 24 oponyera ku ring'i. Wosewera akalakwira anzake kasanu amatuluka osabwereranso, ndiye kuti waukali amadzilanga yekha pamaso pa anthu onse. Kochi wanzeru sacita kulalikira za kudziletsa. Amangosiya lamulo ligwire nchito yake, kenaka amakhala pansi ndi mwanayo pa benchi.

Cobvuta cake ndi mtengo. Mpira wa miyendo ana amaupanga okha ndi mapepala a pulasitiki ndi zingwe, n'kusewera pa fumbi opanda nsapato. Mpira wa basketball uyenera kunjanja, ndipo unjanja pa malo olimba ndi osalala cabe. Konkire yokhakhala imadya mpira ndi nsapato m'miyezi yowerengeka. Ana ambiri amayamba atabvala mapatapata, ndipo nsapato zoyamba zimacokera pa salaula. N'cifukwa cake kwa zaka zambiri masewerawa akhala akuoneka monga a ana a ku Parklands, Riverside, Kansenshi ndi Northrise, kapena a m'masukulu olipira, pamene a m'makomboni anali kuonerera kunja kwa mpanda.

Zimene kochi amacita

Kuphunzitsa mwana wa zaka 10 sikuyamba ndi kuponya patali, ngakhale kuti ndico cimene iye amafuna ataonera akatswiri a NBA pa foni. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75, ndipo mwana wamng'ono akaumirira kuponyera pamenepo amazolowera kukankha mpira ndi thupi lonse, cizolowezi cimene cimatenga zaka kuti cicoke. Kumene zipangizo zilipo, ana amapatsidwa mpira waung'ono wa saizi 5 m'malo mwa saizi 7 wa amuna kapena saizi 6 wa akazi, ndipo ring'i imatsitsidwa kufika pa mamita 2.60. Kumene kulibe, kochi amangowasendeza pafupi.

Coyamba ndi mapazi: kuima bwino, kuthamanga n'kuima osagwa, kutembenuka pa phazi limodzi osalisuntha. Cotsatira ndi kunjanjitsa mpira ndi dzanja lililonse, maso ali kutsogolo. Apa ndi pamene ana ambiri amagwa ulesi, cifukwa dzanja lamanzere limakana, anzawo amaseka, ndipo palibe njira yacidule. Mwana amene wapirira miyezi itatu kufikira dzanja lofookalo litamvera waphunzira cinthu cimene adzacifunanso pa masamu, cakuti kulephera kwa lero si cizindikiro cakuti mutu wake ndi wouma. Kupatsirana, kuchinga ndi kuponya pafupi zimabwera pambuyo pake.

Koma gawo lalikulu la nchito ya kochi silikhudza mpira. Iye ndiye amawerenga amene abwera ndi amene sanabwere. Mwana akasowa masiku atatu, kochi wabwino amatuma mnzake kapena amapita yekha kunyumba, ndipo kumeneko ndi kumene amamva kuti atate anacotsedwa nchito, kuti mwanayo tsopano akugulitsa makala, kapena kuti wayamba kuyenda ndi gulu lina. Mphunzitsi wa kalasi la ana 70 kapena 80 sangathe kucita zimenezi, maka-maka kucokera mu January 2022 pamene maphunziro aulere anadzaza makalasi. Kochi ali ndi ana ocepa, ndipo ali ndi cinthu cimene anawo amacifuna, ndico malo m'timu.

Mphamvu imeneyi ndiyo imapangitsa lamulo lodziwika m'matimu ambiri a acinyamata, lakuti wosapita kusukulu sasewera, kukhala logwira nchito. Ena amafuna kuona lipoti kumapeto kwa temu. Lamuloli lili ndi mbali yake yoopsa. Mwana amene zotsatira zake zatsika kawirikawiri ndi yemweyo amene zinthu zasokonekera kunyumba, ndipo kumuthamangitsa pa bwalo ndi kumupereka ku msewu umene kochiyo anali kumuchinjiriza. Njira yabwino ndi yomuika pa benchi tsiku la mpikisano koma osamuletsa kubwera ku maphunziro a masewera, ndi kumupezera wamkulu wa m'timu womuthandiza pa mabuku.

Kugwiritsa nchito acinyamata okulirapo kuti aphunzitse ang'ono si cinthu cacilendo m'Zambia. Mabungwe a EduSport Foundation, limene linayamba mu 1996, ndi Sport In Action, la mu 1998, anamanga nchito yawo ku Lusaka pa atsogoleri acinyamata otere, ndipo anali m'gulu la oyambitsa mgwirizano wa Kicking AIDS Out, wophunzitsa za HIV kudzera m'masewera. Mnyamata wa zaka 17 akapatsidwa wezulo ndi ana 12 kuti awayang'anire, amasintha mayendedwe. Kucedwa kumamubvuta, ndipo kuonekera pa bawa kumamucititsa manyazi, cifukwa pali maso amene akumuyang'ana. Ku Kitwe kuli mwayi wina: Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987 ku Riverside, ili ndi matimu ake a CBU Comets ndi CBU Robins. Mwana wa ku Kwacha kapena ku Bulangililo akaona wophunzira za uinjiniya akusewera masewera omwewo, yunivesite imaleka kukhala malo a anthu ena.

Atsikana, ndi funso la citetezo

Mtsikana amakumana ndi zopinga zimene mlongo wake sazidziwa. Maola a masewera ndiwo maola otunga madzi, ophika ndi olera ang'ono. Makolo amaopa kuti abwerera kunyumba kutada. Akatha msinkhu, kusowa kwa cimbudzi ndi malo osinthira zobvala pa bwalo kumakhala cifukwa cokwanira kuti aleke. Kafukufuku wa za umoyo wa Zambia Demographic and Health Survey wa mu 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 kufika 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati poyamba. Kucokera mu 1997 dziko lili ndi lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma si onse amene amabwerera. Timu imene imasungira mtsikana wotere malo ake imamupatsa cifukwa cina cobwerera.

Pamenepa pali nkhani imene okonda masewera safuna kuikamba. Mphamvu imene imathandiza kochi kulera mwana ndi yomweyo imene munthu woipa angaigwiritse nchito kumuononga. Kochi ndiye amasankha wosewera, wopita pa ulendo, wolandira nsapato. Mwana wosauka sangamukanire mosabvuta. Dziko la Africa linaona kukula kwa bvutoli mu 2021, pamene bungwe la Human Rights Watch linaulula nkhanza za cigololo zimene atsikana a timu ya acicepere ya basketball ya dziko la Mali anali kucitiridwa, ndipo bungwe la FIBA linalamula kafukufuku. Kuno kwathu, lamulo la Children's Code la mu 2022 limati mwana ndi aliyense wa zaka 18 kapena kucepera, limaletsa kumenya mwana monga cilango, ndipo limafuna kuti mabungwe ogwira nchito ndi ana akhale ndi ndondomeko zowatetezera. Kalabu ya pa komboni ili pansi pa lamulo limeneli monga mmene ilili sukulu yaikulu.

Zofunika zake si zodula. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'cipinda kapena m'galimoto. Pa ulendo wa atsikana pakhale mzimai wamkulu. Mauthenga a pa foni apite ku gulu kapena kwa makolo. Ana adziwe munthu wina, wosakhala kochiyo, amene angamuuze dandaulo. Kholo liri ndi ufulu wofika pa bwalo nthawi iliyonse osayamba lapempha, ndipo kochi amene sakondwera nazo ayenera kufunsidwa cifukwa cake.

Maloto a kunja

Ana a ku Migodi safunikira kuyang'ana kutali kuti aone munthu amene anafika pamwamba. Bismack Biyombo anabadwa mu 1992 ku Lubumbashi, mzinda wa mkuwa wa ku Democratic Republic of Congo, umene uli kutsidya kwa cipata ca Kasumbalesa. Anacoka kwawo ali wacicepere, napita ku Yemen, kenaka ku Spain, ndipo mu 2011 anasankhidwa pa nambala 7 kulowa mu NBA. Mu 2022 analengeza kuti malipiro ake onse a caka cimeneco ku Phoenix Suns apita ku nchito yomanga cipatala kwawo pokumbukira atate ake. Anali kutsata mapazi a Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anatsegula cipatala ca Biamba Marie Mutombo mu 2007 ndipo anamwalira mu September 2024.

Njira zakhala zikuonjezeka. Msonkhano wa maphunziro wa Basketball Without Borders unayamba mu Africa mu 2003 ku Johannesburg, ndipo Joel Embiid ndi Pascal Siakam a ku Cameroon anadzerapo mu 2011 ndi 2012. Ku Thiès, m'dziko la Senegal, Amadou Gallo Fall anayambitsa nchito ya SEED mu 1998, yophatikiza sukulu ndi masewera. Ligi ya Basketball Africa League inasewera caka cake coyamba ku Kigali mu 2021, ndipo matimu a Zambia monga UNZA Pacers ndi Matero Magic akhala akulowa m'masewera osankhira oyenera kupita ku ligi imeneyo. Onse awiri ndi a ku Lusaka, kumenenso kuli Olympic Youth Development Centre, malo amene anatsegulidwa mu 2010. Cigawo ca Migodi cakhala ndi maina ake m'ligi, monga Lunga Bullets, Ndola Takers ndi Mufulira Magnets, koma mphamvu ya masewerawa yapendekera ku likulu.

Kochi woona mtima amauza ana ciwerengero ceniceni. NBA ili ndi matimu 30, ndipo osewera atsopano amene imasankha pa caka ndi pafupifupi 60 kucokera pa dziko lonse. Timu ya amuna ya Zambia inafikako ku mpikisano waukulu wa Africa mu 1989 ku Luanda, caka cimene Angola inatenga cikho cake coyamba. Angola inatenga ca nambala 12 mu 2025. Kusiyana kumeneku sikuli pa kutalika kwa anthu. Kuli pa mabwalo, pa makochi ophunzitsidwa, ndi pa makalabu amene amalipira osewera.

Kumene kuli maloto kumabweranso akuba. Makolo ayenera kucenjera ndi munthu wolonjeza sukulu ya ku America kapena kalabu ya ku Ulaya amene akuyamba ndi kupempha ndalama ndi pasipoti ya mwana. Ayeneranso kukana kucepetsa zaka za mwana pa mapepala kuti alowe m'timu ya acicepere. Cinyengo cimeneci cimalanda malo a mwana weniweni wa msinkhuwo, ndipo cimaphunzitsa wonamizidwayo kuti akuluakulu amalola bodza ngati lili ndi phindu. Phindu lofikirika kwa ambiri ndi locepa koma lenileni: malo pa koleji kapena pa yunivesite, nchito m'matimu a asilikali ndi a makampani, setifiketi ya ukochi kapena ya woyimbira masewera kudzera ku Zambia Basketball Federation.

Ndani amange bwalo

Funso lotsala ndi la ndalama. Migodi siidzabwerera ku mmene inalili m'nthawi ya ZCCM. Mgodi wa Mopani, umene uli ndi Nkana ndi Mufulira, wasintha eni kangapo: unali m'manja mwa Glencore kucokera mu 2000, unatengedwa ndi ZCCM-IH mu 2021, ndipo mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inagula magawo 51 mwa 100. Kalabu imene ikudalira mwini mmodzi imagwa tsiku limene mwiniyo wasintha maganizo.

Thumba limene lili pafupi ndi anthu ndi la Constituency Development Fund. Mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo lakhala likukwera m'zaka zotsatira. Pempho la nchito ya citukuko limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wodi, Ward Development Committee, lisanapite ku komiti ya thumbalo ndi ku khonsolo. Kumeneko bwalo la basketball limapikisana ndi madesiki, zipinda za amai oyembekezera ndi mijigo, ndipo n'zomveka kuti nthawi zambiri limatsalira. Pempho limakhala ndi mphamvu ngati bwalo liri pa malo a sukulu kapena a khonsolo amene ali ndi mapepala, ngati lijambulidwa mizere ya netball ndi volleyball kuti ligwiritsidwe nchito ndi ambiri, ndiponso ngati lichula amene adzalisamala.

Mfundo yomalizayi ndiyo imaiwalika pa tsiku lodula riboni. Ku Migodi mvula imagwa kwambiri kucokera mu November kufika mu April. Konkire yothiridwa popanda kupendekeka pang'ono imasunga madzi, imamera ndere ndipo imang'ambika. Bolodi la matabwa limaola, ring'i yacitsulo imakopa ogula zitsulo zakale, ndipo popanda nyale masewera amatha dzuwa likangolowa, ca m'ma 18:00 koloko m'miyezi yozizira. Ndalama za penti, za ukonde, za mipira ndi za minibasi yopita ku Luanshya kapena ku Chingola tsiku la mpikisano sizikhala m'bajeti ya womanga. Pa mabwalo ambiri a m'makomboni, zimacokera m'thumba la kochi ndi m'zopereka za makolo ocepa amene amabwera ku misonkhano.